Zala za Akulu Anga, Dzina la Mkamwini

Ine ntchito yanga ndi kukayikira anthu, ndipo pakutha pa mwezi amandilipira. Ndimaima pakhomo lotulukira la sitolo yaikulu kuyambira masana mpaka potseka, cholembera m'manja, kuyang'ana malisiti ndi kusuzumira m'zikwama. Zaka khumi ndi zinayi za pakhomo limenelo zandiphunzitsa kuti wakuba alibe nkhope yakeyake. Ndinagwirapo agogo oyendera ndodo atabisa sopo m'chipewa, ndinagwiraponso bambo wa suti ali ndi mabatire m'sokosi. Ndiye akulu anga atandiuza kuti ayamba sukulu ya pa intaneti, yopanda fizi, yopanda yunifomu, yophunzitsa chilichonse chomwe mtima wa munthu wafuna, ine sindinawombe m'manja. Ndinafunsa kuti wopindula pamenepo ndani.

Tinabadwa awiri, iwo oyamba ine chitsirizira, ndipo pakati pathu pali zaka khumi ndi ziwiri. Sekondale anaisiyira panjira bambo athu atadwala, n'kukaphunzira kutayipa m'kachipinda kena ka pamwamba pa sitolo ya nsapato. Kuchoka apo anapeza ntchito pa koleji ina, m'chipinda cha otayipa. Munali amayi khumi ndi awiri, mizere iwiri, aliyense ndi makina ake, phokoso ngati matalala pa malata. Aphunzitsi a pakolejipo ankabweretsa zolemba zawo za pamanja, wina za miyala, wina za malamulo, wina za matenda a ng'ombe, wina za nyenyezi, amayiwo n'kuzisandutsa mapepala ooneka bwino. Mayina a otayipa panalibe wowasunga. Mphunzitsi wofuna ntchito yaukhondo ankangoti, "Izi mupereke kwa zala zija za pawindo." Dzina linamera pomwepo, moti mpaka lero anzawo akale akakumana nawo mumsewu amakuwa kuti aZala.

Nyengo ya mayeso chitseko chinkakiyidwa kunja. Potuluka ankawasecha monga ndimasechera ine makasitomala, ndipo pepala lililonse lolakwika linkawotchedwa mumgolo kuseri. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akulu anga anatayipa mafunso a mayeso. Mafunso okhaokha, mayankho ankatsala m'mitu mwa aphunzitsi. Mawu aatali a Chingerezi, oti ine ndikawatchula ndimaluma lilime, iwo ankawatayipa osayang'ana n'komwe, koma ukawafunsa tanthauzo ankangomwetulira. Makompyuta atabwera, aphunzitsi anayamba kudzitayipira okha ndi zala ziwiri. Amayi aja anachepa mmodzimmodzi, akulu anga n'kumalizira pa makina a fotokope mpaka tsiku lopuma. Anabwerako ndi makina awo akale otayipira, omwe anapatsidwa chifukwa akanatayidwa.

Alamu anga atamwalira, mwana wawo wamkazi, yemwe kwa ine ndi mwana wanganso, anawatenga akulu angawo kukakhala nawo. Amagulitsa mankhwala m'famase, wofatsa ngati mayi ake. Mwamuna wake ndiye ndinamutcha Bwana Tayi kuyambira tsiku loyamba. Ndi kalaliki m'nyumba yosungira mapaipi ndi simenti, malo a fumbi lokhalokha, koma tayi sachoka m'khosi. Si munthu woipa mtima ayi, zimenezo ndisaname. Anapatsa apongozi ake chipinda chakumbuyo cha windo lalikulu osanyinyirika. Vuto lake ndi lokonda kuonedwa. Ali ndi laputopu yomwe anagulira maphunziro a dipuloma, dipulomayo n'kuithawa patangotha miyezi itatu, laputopu n'kusanduka yoonera mpira Loweruka ndi Lamlungu. Masiku ena onse inkangokhala pa shelefu, intaneti ya m'nyumba ikupita pachabe.

Mwana wangayo ndiye anaona kuti mayi ake akusowa chochita, anthu akapita kuntchito amangopukuta fumbi pomwe apukuta kale. Anapempha mwamuna wake, iye anavomera, n'kuwaonetsa tsamba la maphunziro aulere. Kuyambira pamenepo, eni nyumba akatuluka eyiti koloko, laputopu inkatsika pa shelefu mpaka thwelofu, nthawi yoyamba za kukhitchini. Maola anayi amenewo ndi okhawo amene akulu anga anakhalapo nawo a iwo eni m'moyo wawo wonse, ndipo anali obwereka. Laputopu ya mkamwini, intaneti ya mkamwini, tebulo la mkamwini. Tsiku lomwe iye akanati basi, ndiye kuti basi.

Poti ine ndimalowa masana, ndinkadutsirako m'mawa kawiri kapena katatu pa sabata. Ndinkawapeza pa tebulo lodyera, magalasi pamphuno, laputopu kumanzere, makina otayipira kumanja. Mphunzitsi wa mu kanema akayankhula pang'ono, iwo ankamuimitsa ndi kachala kakang'ono, n'kutembenukira ku makina awo, tatatata, zonse zomwe wanena zili papepala. Kenako amutsegule, ayankhulenso, amutseke. Ndinawauza kuti pa dziko lonse ndi iwo okha amene amatseka pakamwa pulofesa ndi chala chimodzi. Mapepalawo ankawaboola, kuwamanga ndi chingwe, kosi iliyonse mtolo wake. Mwezi uno impso, mwezi wamawa mbiri ya mizinda yakale, kenako njuchi, kenako malamulo a mapangano, kenako masamu a kawerengedwe ka anthu.

"Achemwali," ndinawafunsa tsiku lina, "kodi mukufuna mukhale dokotala kapena loya? Kapena tikugulireni ming'oma ya njuchi?"

"Ndikufuna mayankho," anatero osatembenuka. "Mafunso ndili nawo kale, onse ali m'zalamu."

Ndipo zinalidi choncho. Mafunso omwe anatayipa zaka zonse zija ankawakumbukira ngati nyimbo za kusukulu. Panali lina lomwe mphunzitsi wina wa ndevu ankabweretsa chaka ndi chaka: fotokozani chifukwa chake madzi oundana amayandama. Tsiku lomwe analipezera yankho anandikokera ku firiji, kuponya tizidutswa ta ayezi m'kapu, n'kundifotokozera theka la ola, maso akuwala. Ine ndinachedwa kuntchito, bwana n'kundiyang'ana ndi diso lofiira.

Koma mtima wanga sunakhazikike. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wa kudziko lakutali, wophunzira mpaka tsitsi kuthothoka, adzuke m'mawa kudzaphunzitsa mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu mwaulere? Ngakhale m'sitolo mwathu tikati gulani chimodzi china chaulere, dziwani kuti chaulerecho chatsala masiku atatu kuti chiwonongeke. Ndinawapanikiza ndi mafunso. Akupemphani nambala ya kubanki? Ayi. Chithunzi? Ayi. Chiphaso? Ayi. Anakuimbiranipo foni kuti mwawina galimoto? Anangoseka. Ndinamata kadiso ka laputopu ndi selotepi yakuda kuti azunguwo asamaone m'nyumba, iwo anandileka. Miyezi ingapo ndinadikira kuti mbedza ionekere, koma osaonekera. Zinandinyansa, chifukwa munthu wokayikira akasowa wakuba amamva ngati waberedwa.

Wakubayo ndinkamufunira kutali, pomwe amadya pa tebulo lomwelo. M'mawa wina ndinafika akungomaliza kumene kosi ya za nthaka. Anayankha mafunso omaliza, kudina, ndipo pa sikirini panatuluka satifiketi yokongola, ya mizere yagolide m'mbali ndi siginecha ya pulofesa pansi. Ine pepala lililonse ndimaliwerenga ngati lisiti, kuyambira pamwamba. Ndinayandikitsa nkhope. Dzina lomwe linali pakati, m'zilembo zikuluzikulu, linali la Bwana Tayi.

"Achemwali, ili ndi dzina la ndani?"

"La akamwini."

"Ndikuona, sindine wakhungu. Likutani pamenepa?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake chitseko chili ndi chogwirira. "Makina ndi awo. Pepala limatuluka m'dzina la mwini, ndi mmene ntchito imayendera. Zaka zonse zija unamvapo kuti wotayipa walemba dzina lake pamwamba pa kalata? Ife timaika tizilembo tiwiri pansi, kumanzere, basi."

Anandionetsa mitolo ya mapepala awo ija. Zoonadi, pansi pa tsamba lililonse, pakona, panali tizilembo tiwiri tating'ono, toyambira mayina awo. Zinachitika ndi zakuti tsiku lolembetsa, mkamwini anali mothamangira kuntchito, anangowatsegulira fomu n'kuwauza kuti alembe okha. Zala zija zisanafunse mutu zinali zitalemba kale dzina la mwini makina ndi imelo yake, monga zinazolowera.

"Masatifiketi ngati imeneyi alipo angati?"

"Iyi ndi ya khumi ndi chisanu ndi chinayi."

"Amapita kuti?"

"Ku imelo ya akamwini. Ine ndingatani nawo mapepala? Ntchito ndinapuma kale."

Mphuno yanga inali itanunkhiza kale. Galu wamkota sakandira pachabe.

Sipanapite miyezi iwiri. Linali Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, sitolo yodzaza, mzere wa potulukira wautali. Ndinamuona Bwana Tayi ali chapatali, buledi ndi mkaka m'dzanja limodzi, chikwama cha mapepala m'khwapa. Iyenso anandiona, n'kuyamba kupatukira mbali ya mnzanga yemwe ndimaima naye pakhomopo, koma mnzangayo anali atapita kukamwa madzi. Njira inatsala imodzi.

"Amayi aang'ono, inenso mundiseche?" anatero akuseka kuseka kopanda mano.

"Ngakhale abusa ndimawasecha, akamwini. Tsegulani."

M'chikwamamo munali fayilo yatsopano. M'fayilomo munali masatifiketi, osindikizidwa pa pepala lolimba, okutidwa pulasitiki, akadali ofunda chifukwa anali atangochokera nawo kwa wosindikiza wa tsidya la msewu. Ndinawerenga ndi chala, imodziimodzi, anthu pamzere akung'ung'udza. Impso, nthaka, njuchi, mizinda yakale. Anakwana makumi awiri, ndipo ya pamwamba, ya kosi yomwe ndinali ndisanaimvepo, inali ya kasungidwe ka katundu.

"Ndi mapepala a kuntchito," anatero motsitsa mawu. "Wachiwiri kwa bwana wathu akupuma, ndiye akufuna munthu wochokera m'kati momwemo. Abwana amakonda anthu odziphunzitsa okha."

Lisiti la buledi ndi mkaka linali bwinobwino. Ndinalichonga n'kumulola apite, chifukwa katundu wa m'fayiloyo sanamube m'sitolo mwathu. Koma tsiku lonselo ndinasecha anthu mwaukali, mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndinayambana ndi amuna anga.

Lolemba ndinalawira. Eni nyumba atangotuluka ndinalowa ndi moto wanga, kuwatsanulira akulu anga zonse zomwe ndinaona. Ndinkayembekezera kuti agwira pakamwa. Iwo anangoimitsa pulofesa wawo, kuvula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya juzi.

"Ndikudziwa. Anandipempha okha, mwaulemu. Kosi ya kasungidwe ka katundu ija ndinawachitira ine, milungu inayi. Inali yogonetsa tulo, komabe ndinaphunziramo chifukwa chake inu m'sitolo mumaika mkaka kumapeto kwenikweni, kuti tidutse pa mabisiketi."

"Ndiye mukuseka? Munthu akukudyerani masuku pamutu inu mukuseka?"

"Mutu ndi wanga."

"Akukolola pomwe sanalime! Mawa akamukweza, azidzayenda chifuwa patsogolo ndi nzeru zanu."

"Nzeru sanatenge, watenga mapepala. Akamukweza, mwana wanga yemwe ndiye apepukidwe." Anavalanso magalasi n'kundiyang'anitsitsa. "Tamvera, mng'ono wanga. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Iwe ukuona khoswe, ine ndikuona mkhate."

Kenako anandiuza za kosi yomwe anali nayo pakati, ya mafunde ndi kanjenjemeredwe ka zinthu. Munali funso lomwe analitayipa kwa zaka zoposa makumi awiri, loti n'chifukwa chiyani asilikali akafika pa mlatho amawaletsa kuponda phazi limodzi. Nthawi zonse akalitayipa ankapita nalo kunyumba, kuwoloka nalo kamlatho ka panjira yawo, osapeza womufunsa. Kosiyo inali ya milungu isanu ndi itatu. Iwo anali pa wachitatu, ndipo anali ataona pa ndandanda kuti nkhani ya milatho ili pa wachisanu.

"Ndatsala ndi milungu iwiri kuti ndifike. Usandisokonezere. Makinawa si anga. Ndakupempha."

Ndinalonjeza ndi pakamwa, mtima uli kwina. Ndinene zoona, zinkandipweteka. Munthu ameneyu anandisambitsa ndili mwana, anandiperekeza kusukulu iye ataisiya. Moyo wake wonse anakhala zala za anthu ena, wopanda nkhope, wopanda dzina. Tsopano wakalamba, wapeza chinthu chake, dzina n'kukhalanso la wina, wa tayi, yemwe sadziwa ngakhale mbali yomwe impso zimakhala.

Lamlungu lotsatira mwana wanga anandiitanira tiyi wa masana, poti mwamuna wake anaitanidwa ku intavyu ya Lachitatu. Ndinapeza pali mlendo mmodzi, mnzake wa kuntchito, dalaivala wa lole, munthu wa kuseka kogwedeza makapu. Fayilo ija inali pakati pa tebulo, pambali pa shuga. Dalaivala ankatembenuza masamba ake ndi zala ziwiri, akuimba mluzu pa tsamba lililonse. Akulu anga ankathira tiyi mwakachetechete, ndipo pondithirira ine anandiyang'ana kamodzi, kundikumbutsa lonjezo.

"Koma achimwene, inu ndi katundu!" anatero dalaivala. "Zonsezi nthawi mumaipeza kuti? Ife tikaweruka timangogwera pa mpando."

Bwana Tayi anakonza tayi wake, wa Lamlungu. "Nthawi sipezeka, m'bale wanga, nthawi amachita kupanga. Ena akamacheza, ife timakhala tikuwerenga."

Akanangokhala chete, mwina inenso ndikanasunga pakamwa panga. Koma mawu akuti ife aja, pomwe mwini ntchito waima kumbuyo kwake ndi ketulo m'manja, anandilowa ngati munga. Ndinaika kapu pansi.

"Akamwini, poti muli ndi pepala la impso, tandithandizani. Ine miyendo imatupa ndikaima tsiku lonse. Kodi impsozi zimasefa bwanji magazi?"

"Aa, zimenezo n'zakuya, amayi aang'ono. Sitingazimalize pa tiyi."

"Chabwino, tisiye zakuya. Nachi chosavuta, cha mu pepala linalo. Madzi oundana amayandama chifukwa chiyani?"

Anakonzanso tayi wake. "Chifukwa choti ndi ozizira."

"Ooo. Ndiye supuni iyi tikaigoneka mu firiji, mawa iyandamanso?"

Dalaivala anaphulika kuseka, poganiza kuti ndi nthabwala za pabanja. Pansi pa tebulo mwana wanga anandiponda phazi. Akulu anga ndiye anayesa kupulumutsa zinthu. Anaika ketulo pansi, n'kuyankhula ngati munthu wongokumbutsa mnzake.

"Paja munandiuza tsiku lija, akamwini, kuti madzi akamaundana amafutukuka. Ndiye amatenga malo aakulu, n'kukhala opepuka kuposa madzi anzake."

"Eya, eya, zimenezo," anatero iye, thukuta pamphuno.

Akanalekera pomwepo bwenzi zitapita. Koma chinthu chomwe wachidikira zaka makumi atatu sichitsekeka ndi chivundikiro. Akulu anga anapitiriza. Anafotokoza mmene tizidutswa ta madzi timagwirirana manja kukazizira, kusiya mipata pakati. Anafotokoza chifukwa chake botolo lodzaza limasweka mu firiji, ndi mmene nsomba za m'mayiko ozizira zimapulumukira pansi pa ayezi. Manja ankajambula m'mwamba, mawu anakwera, manyazi onse atawachokera. Ine sindinawaonepo okongola choncho. Atazindikira kuti m'nyumba mwati zii, anadukiza pakati pa chiganizo.

Dalaivala anali atasiya kuseka. Anayang'ana amayiwo, kuyang'ana fayilo, kuyang'ana pa shelefu pomwe panali laputopu, makina otayipira ndi mitolo ya mapepala yomangidwa ndi zingwe.

"Aaa, achimwene," anatero pang'onopang'ono, "ndiye kuti mwana wa sukulu m'nyumba muno ndi amayiwa?"

Mpata wokonza unalipo. Wina akanatha kuseka, kunena kuti amaphunzira limodzi. Ine ndiye ndinakhomerera msomali. "Afunseni dzina la mphunzitsi ngakhale mmodzi mwa makumi awiriwo," ndinatero. "Akatchula, ndimeza supuniyi."

Bwana Tayi anaimirira, kutulutsa foni yomwe sinalire, n'kutuluka nayo ili pakhutu. Mwana wanga anayamba kusonkhanitsa makapu, ena tiyi akadali momwemo. Akulu anga sanandiyang'ane n'komwe. Ine ndinabwerera kwathu mutu uli m'mwamba, ndikudziuza kuti ndagwira wakuba ndi katundu m'manja.

Pakamwa pa dalaivala ndi wayilesi yopanda batani lozimitsira. Pofika Lolemba masana, onyamula simenti onse anali akumuitana mkamwini kuti Pulofesa wa Apongozi. Ku intavyu ya Lachitatu sanapiteko, anatumiza uthenga woti wasintha maganizo. Kunyumba sanakalipe, sanamenyetse chitseko, apongozi ake ankawapatsa moni monga mwa masiku onse. Anangotenga laputopu yake Lolemba lomwelo m'mawa, kuilowetsa m'chikwama, n'kunena mwaulemu kuti tsopano ikufunika kuntchito. Pasiwedi ya tsamba la maphunziro anasintha, ya intaneti ya m'nyumba anasinthanso. Zonse zinali zake, panalibe womuimba mlandu.

Mwana wanga anandiimbira Lachitatu ndili pakhomo pa sitolo.

"Mwakhutira, amayi aang'ono?"

"Ine ndinangonena chilungamo."

"Chilungamocho bwerani mudzachione," anatero, n'kudula foni.

Ndinapita Lachinayi m'mawa, eni nyumba atatuluka. Panjira ndinagula bando yaikulu ya intaneti ya pa foni yanga, ndipo mumtima ndinali nditakonza zonse. Ndinawapeza akulu anga pa mpando wawo wa nthawi zonse, atasamba, atavala magalasi. Pa tebulo panalibe kanthu, manja okha atawayala pamenepo.

"Achemwali, musadandaule," ndinayamba ndisanakhale n'komwe pansi. "Ndabweretsa foni. Titsegula zatsopano, m'dzina lanu lenileni. Wina asadzatolenso thukuta lanu."

Sanakane. Analandira foniyo, ya galasi long'aluka pakona, n'kuyesa. Anaifikitsa pafupi ndi maso, kuitalikitsa, kuipendeketsa. Tizilembo tinali ngati nyerere. Zala zomwe zinazolowera mabatani akuluakulu zinkadina zilembo ziwiri nthawi imodzi, akafufuta chimodzi zifufutike zitatu. Ndinawalanda n'kulemba ndekha. Titalowa tinapeza kuti kosi ya mafunde ija anatseka kulembetsa, ofuna adikire ulendo wina, tsiku osalitchula. Tinayesa kanema wa kosi ina. Pulofesa anali wamng'ono ngati chala, zomwe ankalemba pa bolodi osaoneka. Anandibwezera foni mofatsa, ndi manja awiri.

Ine ndinali ndisanagonje. "Za mlatho zija ndafufuza dzulo," ndinatero. "Yankho lilipo, mizere itatu yokha. Ndikuwerengereni?"

"Usandiwerengere."

"Bwanji? Si ndi chomwe mumafuna?"

"Ndimafuna ndifikepo ndekha, mlungu ndi mlungu, kuti ndikamva ndimvetse. Mizere itatu yakoyo ingodutsa m'makutu monga mafunso aja ankadutsira m'zala."

Apa mtima unandiwawa, ndipo ine mtima ukandiwawa ndimakalipa. Ndinawakumbutsa kuti sindinaname ngakhale liwu limodzi. Ndinawakumbutsa kuti munthuyo akanapeza udindo ndi bodza, kuti wakuba ndi wakuba ngakhale avale tayi. Ndinati ine ndinachita zonsezi chifukwa cha iwo, kuti kamodzi kokha m'moyo wawo dzina lawo lioneke pamwamba pa ntchito yawo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula, monga ankamvetserera mapulofesa awo.

"Sunaname, n'zoona," anatero. "Koma dzina ndinali nalo kale, mng'ono wanga, kuyambira tsiku lomwe ndinabadwa. Sindinaliiwalepo. Chimene ndinalibe ndi chimene wandilanditsachi."

Ine ndinangoyang'ana foni yanga. Iwo anavula magalasi, kuwapinda, n'kuwaika pa tebulo. Nthawi inali isanakwane ngakhale naini koloko. Sanandithamangitse, inenso sindinanyamuke. Tinakhala awiriwiri pa tebulo lopanda kanthulo mpaka thwelofu, ndipo ndi tsiku limenelo pomwe ndinadziwa kutalika kwa maola anayi.